Kuumba Mamolekyulu ndi Dongo

Mphunzitsi wofuna kuti ana ake amvetse mamolekyulu ang'onoang'ono a covalent asataye ndalama pogula timipira ta pulasitiki, pakuti dongo la kudambo n'laulere, ndipo mabokosi awiri a machesi sangapitirire makwacha mazana angapo. Umbani kampira kamodzi ka okosijeni ndi tiwiri ta haidrojeni, mulumikize ndi mitengo ya machesi, mtengo uliwonse uimire maelekitironi awiri amene maatomuwo agawana. Musawongole, chifukwa molekyulu ya madzi ndi yopindika, pafupifupi madigiri 104.5. Methane, kaboni pakati ndi mahaidrojeni anayi, isagone pansi ngati mtanda: atatu akhale miyendo, wachinayi aloze kumwamba.

Apa ndipo pamene ambiri amapunthwa. Unjikani mamolekyulu a madzi khumi m'lichero, ndipo muuze mwana kuti aonetse chimene chimachitika madzi akawira. Mudzaona dzanja lake likuthamangira kuzula machesi. Ligwireni dzanjalo! Madzi akafika madigiri 100, mamolekyulu amangotalikirana, iliyonse nichoka yathunthu ndi machesi ake, popeza chimene moto wagonjetsa ndi mphamvu yofooka yokokerana pakati pa molekyulu ndi inzake, osati covalent bond yamkati, imene ili yolimba ndithu. Kukadakhala kuti kuwira kumathyola ma bond, bwenzi mphika uliwonse wa nsima ukutulutsa haidrojeni ndi okosijeni. Koma nthunzi ndi madzi omwewo, H₂O.

Ndibwerezanso, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha: mwanayo amwaze mamolekyulu kachiwiri ndi kachitatu, osakhudza machesi, kufikira atanena ndi pakamwa pake chimene chalekana ndi chimene chatsala. Amene amaloweza pamtima manotsi obwereka, olembedwa kuti ma bond a covalent ndi ofooka, amapita ku mayeso a MSCE atasenza bodza, ndipo akafunsidwa za daimondi, amene ali covalent yekhayekha koma ndi wolimba koposa, amangoti kukamwa yasa.

Akagwira zimenezi, mufunseni chifukwa chake methane imawira pa madigiri 162 kunsi kwa ziro ndi ammonia pa 33 kunsi kwa ziro, ayankhe yekha. Za magetsi musachulutse mawu: m'zinthu za mamolekyulu ang'onoang'onowa mulibe ma ion, mulibenso maelekitironi oyendayenda, choncho sapitamo. Mukamaliza kuumba, dongolo liume pamthunzi, padzuwa limang'aluka.