Thumba la Mjigo ku Chinyunyu

Funso: Akulu, ife okhala ku Chinyunyu m'boma la Rufunsa tinakhazikitsa bungwe losonkha ndalama zokonzera mjigo, koma msungichuma amasunga zoperekazo m'nyumba mwake, ndipo anthu ayamba kung'ung'udza. Tichitenji?

Yankho: Abale anga, popeza chuma cha anthu ambiri chimayesa ngakhale wolungama mtima, ndiponso mutu umodzi susenza denga, musamsiye yekha mnzanuyo ndi katundu wolemera chotere, koma lembani malamulo a bungwe lanu, mukalilembetse kwa Registrar of Societies, ndipo mutsegule akaunti ku banki imene ndalama sizidzatuluka popanda kusaina anthu awiri mwa atatu osankhidwa ndi msonkhano. Chopereka chilichonse chikhale ndi lisiti lake, ndipo mwezi ndi mwezi buku liwerengedwe poyera pamaso pa anyakwawa, pakuti chowawitsa anthu mtima si kusonkha ayi, koma kusadziwa kumene lapita thukuta lawo.

Mukafuna mjigo watsopano, umene zopereka zanu sizingaukwanitse, kapempheni thandizo la CDF, thumba limene boma linakweza mu 2022 kufika K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse. Pempho lotere limadzera ku Ward Development Committee ya kwanuko.