Tabuleti Yowerengera Mabuku a ku Laibulale: Zoti Mudziwe Musanatulutse Ndalama

Kapepala kano ndi ka makolo, aphunzitsi, ana a sukulu ndi ena onse a muno mu Lusaka amene akufuna tabuleti yoti aziwerengerapo mabuku obwereka. Tabuleti ndi kachipangizo kophwatalala, kokulirapo kuposa foni koma kopepuka kuposa laputopu, ndipo mumakayendetsa ndi chala pa sikirini. M'masitolo a ku Manda Hill, East Park ndi Levy Junction matabuleti alimo, mu Cairo Road ndi ku Kamwala ndiye ali mbwee. Anthu ambiri amayamba agula, kenako n'kumafunsa kumene angapeze mabuku, mapeto ake n'kupeza kuti chimene agulacho sichigwirizana ndi laibulale imene iwo angathe kulowamo. Yambani mwadziwa kobwereka. Tabuleti ibwere pambuyo.

Kubwereka kwake kumayenda bwanji?

Mumalembetsa ku laibulale, iwo n'kukupatsani nambala ya khadi kapena dzina lolowera ndi pasiwedi. Mukatero mumaika apu ya laibulaleyo pa tabuleti, kufufuza buku, n'kulibwereka. Bukulo limatsikira mu tabuleti yanu ndipo limatseguka kwa masiku amene mwapatsidwa, kawirikawiri 7, 14 kapena 21. Masiku akakwana limadzitseka lokha. Simukwera basi yokabweza, ndipo palibe chindapusa cha kuchedwetsa buku.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti buku lotereli limathanso kupezeka kuti lili ndi munthu wina. Laibulale imagula chilolezo kwa osindikiza, ndipo nthawi zambiri chilolezo chimodzi n'cha wowerenga mmodzi pa nthawi imodzi. Wina akayamba kutenga, inu mumalembetsa dzina n'kudikira. Loko amene amatseka bukulo amatchedwa DRM, ndipo ndi amene amachititsa kuti kusankha tabuleti kufune nzeru, chifukwa lokoyo amatseguka ndi apu yake yokha. Tabuleti imene singalandire apuyo, kaya ikhale yodula bwanji, bukulo silitseguka.

Kumene wa mu Lusaka angapeze mabuku

Laibulale ya khonsolo ya mzinda ili mu Katondo Street, pang'ono chabe kuchokera mu Cairo Road. Kaya ndi kumeneko, kaya ndi ku laibulale ya sukulu kapena koleji yanu, funso lokafunsa pa desiki ndi limodzi: "Kodi muli ndi mabuku a pa intaneti amene membala angawerengere kunyumba, nanga amatseguka ndi apu iti?" Lembani yankho lake papepala, ndilo mupite nalo kusitolo.

Ophunzira a ku University of Zambia ndi makoleji ena ali ndi mwayi umene ambiri saugwiritsa ntchito. Malaibulale awo amalembetsa mabuku ndi magazini a zofufuza kudzera mu mgwirizano wa malaibulale wa ZALICO ndiponso Research4Life, kumene kuli Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi. Pambali pa izi, UNZA inaika pa intaneti zolemba za amene anamaliza madigiri apamwamba, ndipo aliyense akhoza kuzitsitsa ulere. Pafupifupi zonsezi ndi PDF. Musaiwale zimenezi, zidzakhudza kukula kwa sikirini.

Boma la America lili ndi laibulale ya pa intaneti yotchedwa eLibraryUSA, imene umembala wake umadzera ku American Spaces. Kafunseni ku ofesi ya kazembe wawo, imene ili ku Ibex Hill, kupitirira Kabulonga. Ophunzira Chifalansa afunse za laibulale ya pa intaneti ya Culturethèque ku Alliance Française mu Alick Nkhata Road. Open Library, ya bungwe la Internet Archive, imalola aliyense amene ali ndi imelo kulembetsa ulere. Mabuku ena imabwereketsa kwa masiku 14, ena kwa ola limodzi lokha, ndipo a ola limodziwa muyenera kuwawerenga intaneti ili yoyatsa. Dziwaninso kuti atagonja pa mlandu ndi osindikiza mabuku a ku America mu 2023, n'kugonjanso pa apilo mu 2024, anachotsa mabuku oposa 500,000 pa mndandanda wa obwereketsa. Choncho buku latsopano lotchuka mwina simulipeza kumeneko.

Palinso mabuku osafuna kubwereka n'komwe, ongotsitsa n'kukhala anu. Project Gutenberg, imene inayamba mu 1971, ili ndi mabuku akale oposa 70,000. OpenStax ya ku Rice University imapereka mabuku a masamu, sayansi ndi zachuma a msinkhu wa koleji. ZambiaLII ili ndi malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhoti. Kwa ana aang'ono, African Storybook ya ku South Africa, imene inayamba mu 2014, ili ndi tinkhani ta zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chinyanja chomwe. Kulinso Bloom Library ndi StoryWeaver. A Lubuto, amene anamanga malaibulale a ana ku Kamwala ndi ku Garden, anaika pa intaneti mabuku akale a nthano za m'Zambia amene analeka kusindikizidwa. Kwa banja lambiri la ku Kabwata kapena ku Chelstone, zaulerezi ndizo zimene tabuleti idzatsegula tsiku ndi tsiku.

Nanga Kindle imene achibale akufuna kutumiza?

Wachibale wa ku Ulaya kapena ku America akamva kuti mwana amakonda kuwerenga, chimene amaganiza msanga ndi Kindle. Ndi kachipangizo kabwino. Sikirini yake imaoneka ngati pepala, sithobwa m'maso, imawerengeka ngakhale padzuwa, ndipo batire lake limatha milungu. Koma taonani izi. Malaibulale ambiri a kunja, kuphatikizapo ena a ku South Africa, amabwereketsa kudzera mu apu ya Libby, ya kampani ya OverDrive. Kutumiza buku lobwereka kuchoka mu Libby kupita pa Kindle kumatheka kwa malaibulale a ku America okha. Kobo, imene ndi yofanana ndi Kindle, nayo ili ndi njira yobwerekera mkati mwake, koma imagwira ntchito m'maiko ochepa, ndipo Zambia mulibe. Libby yomweyo, ngakhale apu yake ndi yaulere, sikupatsani buku ngati mulibe khadi ya laibulale imene inalembetsa nawo.

Ndiye ngati mwana wanu amawerenga nkhani zopeka zambiri ndipo mukhoza kumamuikira mabuku aulere kuchokera pa kompyuta, Kindle ilandireni ndi manja awiri. Ngati akufuna mapepala akale a mayeso a ECZ, mabuku a sayansi a zithunzi zamitundu ndi maapu a laibulale, auzeni achibalewo mwaulemu kuti atumize ndalama, mugule tabuleti wamba ya Android.

Chenjeraninso ndi mitundu iwiri iyi. Matabuleti a Huawei otuluka kuchokera pamene America inaletsa kampaniyo mu 2019 sabwera ndi Play Store ya Google. A Amazon Fire nawo ali ndi sitolo yawoyawo ya maapu. Onsewa amagwira ntchito, koma apu imene laibulale yanu ikufuna mwina musaipezemo, ndiye n'kuyamba kuyendayenda kwa okonza mafoni. iPad ilibe vuto limeneli, kungoti mtengo wake ndi waukulu kwa munthu amene akungofuna kuwerenga, ndipo ilibe poika memole khadi.

Zoyang'ana pa tabuleti yeniyeniyo

Kukula kwa sikirini kumadalira mtundu wa mabuku. Buku la EPUB limadzikonza lokha: mukakulitsa zilembo, mizere imasuntha n'kukwana bwino, ndiye sikirini ya mainchesi 8 ndi yokwanira, yopepukanso m'manja muli m'basi yochoka ku Chelstone kupita m'tauni. PDF ndi ina. Tsamba lake ndi louma, linakonzedwera pepala la A4, ndipo pa sikirini yaing'ono mumangokhalira kukulitsa ndi kukokera uku ndi uku mpaka mutu kuwawa. Wophunzira wa Grade 12, wa unamwino kapena wa zamalamulo atenge ya mainchesi 10 kapena 11. Mwachitsanzo, Samsung Galaxy Tab A9 ndi ya mainchesi 8.7, pamene Galaxy Tab A9+ ndi Lenovo Tab M11 ndi za mainchesi 11. Tangozitchula kuti muone kukula kwake. Itel, Tecno ndi ena nawonso ali ndi zawo zotsikirapo mtengo.

Batire ndi nkhani imene wa mu Lusaka safunika kumuphunzitsa. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, madera ena ankakhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Pa tabuleti ya mainchesi 10 kapena 11 funani batire la pafupifupi 7,000 mAh, ndipo pobayira chaja pakhale pa USB-C kuti muzitha kubwerekana ndi foni. Pawabanki ya 10,000 mAh imadzaza batire lotere pafupifupi kamodzi kokha, osati kawiri monga ena amanenera. Funsani ngati mutu wa chaja uli m'bokosi, chifukwa masiku ano ena amangoikamo chingwe.

Za malo osungira musapanikizike nazo. Buku la nkhani la EPUB limangotenga mamegabaiti ochepa. Amene amadya malo ndi ma PDF ojambulidwa tsamba ndi tsamba ndiponso mabuku omvetsera. Tabuleti ya 64 GB yokhala ndi poika memole khadi idzakukwanirani. Chimene simuyenera kunyengerera ndi RAM: ikhale 4 GB. Ya 2 GB imagwira njakata mukatsegula buku lalikulu la zithunzi. Android yake ikhale 13 kapena yatsopano kuposa pamenepo, popeza maapu amasiya kugwira ntchito pa Android yakale. Kamera musaiganizire n'komwe.

Ya SIM kapena ya Wi-Fi yokha? Ngati kunyumba kwanu ku Woodlands kapena ku Kabulonga kuli rauta, kapena mumapeza Wi-Fi kuntchito ndi kusukulu, ya Wi-Fi yokha ndi yotchipa ndipo ikukwanirani, chifukwa buku likatsika limawerengeka popanda intaneti. Ngakhale mulibe rauta, foni yanu ikhoza kugawira tabuleti intaneti kwa mphindi zochepa zotsitsira buku. Ya SIM ndi ya amene amayendayenda, kapena mwana amene amakhala kutali ndi foni ya makolo. Imalandira laini ya Airtel, MTN kapena Zamtel, yolembetsedwa ndi NRC monga mwa lamulo la ZICTA.

Muli m'sitolo

Safunsa anadya phula, ndiye musachite manyazi kupempha kuti aitulutse m'bokosi ndi kuiyatsa inu mukuona. Tsegulani Play Store, pitani pa Settings, kenako About, muone pamene palembedwa za Play Protect ngati pakunena kuti chipangizocho n'chovomerezeka. Ikani pomwepo apu imene anakuuzani ku laibulale, mutsitse PDF imodzi yaikulu, mutembenuze masamba makumi angapo mofulumira. Tsegulani tsamba loyera, muyang'ane ngati pali timadontho takuda kapena mbali yachikasu. Tsitsani kuwala mpaka pansi: tabuleti yabwino yowerengera usiku iyenera kuzilala ndithu, osati kukhalabe ngati tochi. Bayani chaja, mugwedeze chingwe pang'ono, muone ngati ikuduladula.

M'tauni mumapezeka matabuleti a maina osadziwika amene bokosi lake limalonjeza 512 GB ndi RAM ya 16 GB pa mtengo wa foni yaing'ono. Manambala otere amakhala ongolemba, ndipo nthawi zina ngakhale a mu Settings amakhala onamizira. Mtengo ukatsika mopitirira muyeso, bwezani ndalama m'thumba.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukhala yabwino, koma wogulitsa aifufute zonse pamaso panu, ndipo muikemo akaunti yanu ya Google musanachoke. Ikapempha pasiwedi ya mwini wakale, kaya ndi ya Google kaya ndi ya iCloud, isiyeni. Ikhoza kukhala yobedwa, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Zoperekerana pamsewu, zoti "bwana tengani msanga", zilibe kobwezera. Pa ya SIM, yerekezani nambala ya IMEI ya mu tabuleti ndi ya pa bokosi. Tengani risiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa tabuleti, nambala yake ndi miyezi ya walanti. Katundu akapezeka ndi vuto wogulitsa n'kukana kukuthandizani, dandaulo limapita ku Competition and Consumer Protection Commission, ndipo chinthu choyamba chimene adzafuna kuona ndi risitiyo.

Mukafika nayo kunyumba

Gulani chikwama chake ndi galasi loteteza tsiku lomwelo. Sikirini ya tabuleti ikasweka, kusintha kwake kumayandikira mtengo wa ina. Malaiti akathima zulani chaja pakhoma, chifukwa magetsi pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa. Musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka mwezi wa Okutobala, kutentha kumapha batire. Tsiku ndi nthawi za mu tabuleti zikhale zolondola, apo ayi buku lobwereka likhoza kukana kutseguka. Zimitsani zoti maapu azidzikonza okha pa bandulo, ndipo mabuku akuluakulu muziwatsitsa pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku.

Ngati ndi ya mwana, pali chinthu chimodzi chimene tinene mosabisa. Tabuleti imene ili ndi TikTok, YouTube ndi magemu, buku silingapikisane nazo. Apu yaulere ya Google Family Link imakulolani kusankha maapu amene mwana angaike ndiponso maola amene angagwiritse ntchito. Ikonzeni musanampatse m'manja, chifukwa kumulanda zimene wazolowera kale kumabweretsa mkangano m'nyumba. Mwana wa Grade 1 kapena 2 mukhale naye pansi, muwerengere limodzi kankhani ka Chinyanja, iye aziloza zithunzi.

Sabata ino, musanapite kusitolo, yesani kaye pa foni imene muli nayo: lembetsani ku Open Library, tsitsani kankhani kamodzi ku African Storybook, ndipo mukafunse funso lija ku laibulale imene ili pafupi nanu. Zimene zatseguka pa foni ya Android zidzatsegukanso pa tabuleti ya Android yokhala ndi Play Store.