Phunziro la Kompyuta: Plugin ya Gradle Ikakana Kugwira Ntchito

Ophunzira athu amene mwayamba kulemba mapulogalamu a foni mu Android Studio mwakumana kale ndi Gradle. Ndi chida chimene chimasonkhanitsa zonse zimene talemba n'kuzimanga kukhala pulogalamu yoika m'foni. Tikafuna kuti chichite ntchito ina yapadera, timachilembera kachigawo kotchedwa plugin. Apa mpamene ambiri amataya masiku: zolemba zikuoneka zolondola, koma kumanga kukukanika, pulogalamu siikutuluka. Kawirikawiri gwero lake n'limodzi. Chinthu chimene Gradle imagwiritsa ntchito si class imene tinalemba ija ndendende.

Tiyambe ndi mawu awiri. Loyamba ndi dependency injection, dzina limene Martin Fowler analitchukitsa mu 2004. Mmisiri womanga nyumba saumba yekha njerwa. Amanena zimene akufuna, mwininyumba n'kumubweretsera. Class yathunso imanena zimene ikufuna poika chizindikiro cha @Inject, ndipo Gradle imazipereka. Zina mwa izo ndi ObjectFactory yopangira zinthu zatsopano, FileSystemOperations yokopera ndi kufufutira mafayilo, komanso ExecOperations yoyendetsera mapulogalamu ena.

Lachiwiri ndi proxy, kutanthauza choimirira china. Kuti ipereke zimene tapempha, Gradle imapanga class yatsopano yobadwa kwa yathu ija pa nthawi imene ikumanga. Tikalemba class yotchedwa Moni, Gradle imapanga ina ya dzina lothera ndi _Decorated, ndipo ndi imeneyo imene imagwira ntchito. Tikadziwa izi, tili ndi mafunso anayi ofufuzira vuto.

Funso loyamba: kodi class yathu ndi final? Class ya final siilola ina kubadwa kwa iyo, choncho Gradle imalephera kupanga choimirira chija, n'kudandaula kuti class ndi final. Mu Java izi zimachitika tikalemba tokha liwu limeneli. Koma mu Kotlin class iliyonse imakhala final pokhapokha titalemba open kapena abstract, ndiye olemba Kotlin amakodwa msanga. Mankhwala ake n'kulemba abstract class.

Funso lachiwiri: wapanga chinthucho ndani? Tikachipanga tokha, monga polemba new mu Java, Gradle siichikhudza, ndipo palibe chimene chibweretsedwe. Tiziisiyira Gradle ntchito imeneyi kudzera mu tasks.register, extensions.create kapena objects.newInstance.

Funso lachitatu: @Inject ili pamalo pake? Constructor yolandira zinthu kuchokera kwa Gradle iyenera kukhala ndi chizindikirochi, ndipo chichokere ku javax.inject.Inject. Pali ena otchedwanso Inject ochokera kwina, monga wa Guice. Tikwere pamwamba pa fayilo, tiwerenge mzere wa import bwinobwino, chifukwa kompyuta ikhoza kutisankhira wolakwika.

Funso lachinayi: tikuzindikira bwanji mtundu wa chinthu? Tikayerekezera getClass() ndi Moni.class, yankho likhala lakuti n'zosiyana, popeza chimene tili nacho ndi choimirira chija. Tigwiritse ntchito instanceof mu Java kapena is mu Kotlin, chifukwa izi zimazindikira ndi class yobadwa kwa ina yomwe.

Pofufuza, tisamasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Tiyendetse Gradle ndi --stacktrace, kenako titsike mpaka mzere womaliza woyamba ndi "Caused by". Uthenga wapamwamba umangonena kuti task yalephera kupangidwa. Chifukwa chenicheni chimakhala pansi. Tisinthe chinthu chimodzi, timangenso, tione ngati uthenga wasintha. Uthenga ukasintha ndiye kuti tasuntha, ngakhale kumanga kusanatheke.

Ntchito yoti muyese musanabwere ku phunziro lotsatira ndi iyi. Lembani task mu Kotlin popanda abstract kapena open, muilembetse ndi tasks.register, muiyendetse, ndipo mukopere m'kope uthenga umene watuluka. Kenako onjezani abstract, musindikize dzina la class ya task yanuyo, muone mmene likuthera. Amene alibe kompyuta kunyumba akhale awiriawiri m'chipinda cha makompyuta, wina kulemba, wina kuwerenga uthenga.