Phunziro: Khungu la Izaki ndi Lamya ya M'manja

Izaki atakalamba, maso ake anachita khungu. Yakobe anavala zovala za Esau, nakulunga zikopa za mbuzi m'mikono, nalanda madalitso a mkulu wake (Genesesi 27). Izaki anakayika pomva mau, komabe anakhulupirira.

Munthu wolandira uthenga pa lamya ali ngati Izaki, pakuti saona nkhope ya woutumiza. Mai wa ku Kawale kapena ku Chinsapo amalandira uthenga wonga wa mbale wake, wakuti ndalama zija atumize pa nambala yatsopano. Akatumiza msanga, ndalama za sukulu ya mwana zagwa m'manja mwa mbala.

Mu 2017 Boma linalemba nzika m'kaundula wa zitupa za unzika, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembedwe m'dzina la mwini wake. Koma lamulo silithandiza munthu wosasamala.

Chifukwa chake akatekisti aphunzitse Akhristu zinthu zitatu. Choyamba, asanatumize ndalama, aimbire mbaleyo pa nambala yake yakale, namve mau ake. Chachiwiri, nambala yachinsinsi asauze munthu, ngakhale wodzitcha wa ku kampani. Chachitatu, asabwereke wina chitupa chao kuti alembetsere nambala, pakuti nambalayo ikabera anthu, apolisi adzafuna mwini chitupa. Wochibwereketsa akudziwa cholinga cha mnzake waswa naye pamodzi lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu.