Tisanathandize, Tiyambe Tafunsa

M'chaka cha 2006, boma la America ndi mabungwe ena analonjeza madola oposa 16 miliyoni kuti afalitse mjigo wotchedwa PlayPump, wopangidwa ku South Africa. Ana akamasewera pozungulitsa chitsulo chake, madzi ankakwera m'thanki. Koma m'midzi ina ya ku Mozambique ana sankasewera tsiku lonse, motero amayi, ngakhale okalamba, ndiwo ankakankha chitsulocho. Mjigowo ukawonongeka, eni mudzi sankatha kuukonza okha.

Mjigo wa Afridev, umene ambiri tinakulira, unayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, n'kupitirizidwa ku Kenya. Opanga ake anayamba ndi funso lakuti: ukawonongeka adzaukonza ndani? Ndiye chifukwa chake anthu a m'mudzi amatha kuzula ndodo zake ndi kusintha mphira pogwiritsa ntchito zida zochepa.

Kusiyana kumeneku ndiko phindu la kafukufuku wa kapangidwe ka zinthu. Njira yake ili motere:

1. Tikhale ndi eni vutolo, tione mmene amakhalira tsiku ndi tsiku.
2. Tipange chitsanzo chotchipa, iwo achiyese.
3. Timve zodandaula zawo, tikonzenso, tiyesenso.

Vuto la madzi limakhudzanso ndalama, nthawi ya amayi ndi udindo wa komiti ya mjigo. Mutu umodzi susenza denga.

Zokambirana: Pa ntchito yothandiza anthu imene tikukonza chaka chino, tafunsa ndani? Ife tikachoka, adzaisamala ndani?