Kalembera wa pa Foni: Kodi Mayankho Athu Amapita Kuti?

Kale anthu a kalembera ankalowa m'mudzi atanyamula mulu wa mapepala. Masiku ano ambiri amabwera ndi foni yamakono kapena tabuleti, yomwe ndi kompyuta yaing'ono yogwira m'manja. Iwo amafunsa, ife timayankha, zala zawo n'kumadina pagalasi. M'phunziro lino tiona njira imene mayankho athu amayendamo kuchokera pakhonde mpaka ku ofesi.

M'Malawi muno kalembera wa anthu ndi nyumba anachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Wa 2018 ndiye anali woyamba kugwiritsa ntchito matabuleti. Ofesi ya boma yowerengera anthu, National Statistical Office, yomwe ili ku Zomba, inapeza kuti tinalipo anthu 17,563,749.

Kukonza fomu

Ntchito imayambira ku ofesi. Kumeneko amalemba mafunso onse pa kompyuta n'kuwasanja kukhala fomu. Fomuyo amaiika pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene imakhala pa intaneti usana ndi usiku. Wolemba asananyamuke, amatsegula intaneti n'kukopera fomuyo m'foni yake. Mafomu ena amatseguka ngati tsamba la pa intaneti, ena amakhala m'mapulogalamu monga ODK ndi KoboToolbox.

Kumudzi kopanda netiweki

Fomu ikangolowa m'foni, imagwira ntchito ngakhale kumalo kopanda netiweki. Mayankho amasungidwa m'foni momwemo kudikira nthawi yotumiza.

Fomuyi imathandizanso wolemba kuti asalakwitse. Mukanena kuti pakhomo palibe mwana wosakwana zaka 5, imadumpha mafunso a katemera. Wolemba akalemba zaka 250 m'malo mwa 25, imakana. Akaiwala funso lofunika, satha kupitirira mpaka atabwerera kukalifunsa.

Foni imalembanso malo amene nyumba ili. Imadziwa malowo pomva zizindikiro zochokera ku makina oyenda mumlengalenga, njira yotchedwa GPS, ndipo izi sizidya mayunitsi. Choncho woyang'anira ntchito amadziwa ngati wolemba anafikadi pakhomo, kapena anangokhala pamthunzi n'kumapeka mayankho.

Kutumiza

Wolemba akafika pomwe pali netiweki, amatumiza zonse zimene wasonkhanitsa. Pa mphindi zochepa zimakhala zafika pa seva, ndipo kompyuta imaphatikiza mayankho ochokera m'midzi yonse. Nthawi ya mapepala, katunduyo ankayenda pa galimoto, ena ankanyowa, ena n'kutayika, ndipo makalaliki ankatha miyezi akukopera.

Alangizi a zaumoyo nawonso amagwiritsa ntchito mafoni. Kudzera m'njira yotchedwa cStock, amatumiza uthenga wonena kuchuluka kwa mankhwala otsala pa sikelo ya m'mudzi, kuti achipatala awakonzere ena asanatheretu. Unduna wa Zaumoyo umasunga malipoti a zipatala m'pulogalamu ya DHIS2, yomwe inakonzedwa ku yunivesite ya Oslo m'dziko la Norway.

Zovuta zake

Foni imafuna moto, pamene midzi yambiri ilibe magetsi. N'chifukwa chake olemba amayenda ndi batire lapadera kapena kutchajira pa sola. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi asanatumize, ntchito yonse yapita. Motero amatumiza pafupipafupi, ndiponso amatseka foniyo ndi nambala yachinsinsi kuti wina asaone za m'nyumba mwathu.

Mbali yathu

Foni imatha kuona kuti chala chaphonya, koma siidziwa bodza. Tikabisa ana kapena kuwonjezera anthu omwe kulibe, chiwerengero cholakwikacho chimafika ku ofesi mofulumira ngati cholondola. Pamenepo sukulu, mijigo ndi mankhwala zimagawidwa molakwika, ovutika n'kukhala ife tomwe.

Tilinso ndi ufulu wofunsa. Wolemba ationetse chitupa chake, atiuze amene wamutuma ndi ntchito imene mayankho athu akagwire. Wolemba weniweni safunsa ndalama kapena nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Wina akafunsa zimenezi, tisamuuze, tikanene kwa amfumu.

Werengani mokweza

"Takulandirani bambo. Mwatumidwa ndi ndani?"
"Zikomo mayi, ndachokera kwa a zaumoyo. Chitupa changa nachi."
"Nanga zimene ndikuuzenizi zikapita kuti?"

Mafunso

1. Kodi kalembera woyamba wa pa matabuleti anachitika chaka chanji?
2. Kumalo kopanda netiweki mayankho amasungidwa kuti?
3. Tchulani njira ziwiri zimene fomu imathandizira wolemba kuti asalakwitse.
4. N'chiyani chimene sitiyenera kuuza wolemba?

Ntchito

Awiriawiri, mmodzi akhale wolemba, wina mwini nyumba. Funsanani dzina, zaka ndi chiwerengero cha anthu a pakhomo, ndipo lembani mayankhowo m'kope mwanu.