Kodi ndere n'chakudya?

Achinyamata anzanga, lero ndati tikambirane za ndere, zobiriwira zija timaziona m'madzi. Mitundu ina imadyedwa ndithu. Ku Japan ndi ku Taiwan amalima ndere zotchedwa chlorella m'mathanki aukhondo, n'kuziumitsa kukhala ufa. Pafupifupi theka la ufawu ndi zomanga thupi, komanso muli ayironi wowonjezera magazi.

Koma chonde, tisakatape ndere kudambo ayi! Zina zili ndi poizoni wowononga chiwindi. Wina akatiuza kuti ufa wa ndere umapha kachilombo ka HIV, ameneyo akunama. Ndi chakudya chabe, sungalowe m'malo mwa ma ARV.

Zomanga thupi tili nazo kale pakhomo: usipa, nyemba, mtedza. Kambiranani m'gulu lanu: n'ziti zimapezeka mosavuta kwanuko?